Ukatseka Buku, Uuze Anzako Kapena Usunge Mumtima?

Munthu akamaliza kuwerenga nthano yaitali imene yamugwira mtima, pamakhala kanthawi kamene sadziwa chochita ndi zimene zadzaza m'chifuwa mwake. Wina amathamangira foni kuti aimbire mnzake, kapena amalakalaka kutacha msanga kuti akafotokozere a kuntchito. Wina amabweza bukulo pashelefu n'kukhala duu, ndipo ukamufunsa amangoti, "Ndi labwino, kaliwerengeni." Onse awiri ndi okonda mabuku, ndipo kawirikawiri amakhala m'kagulu kamodzi ka obwerekana mabuku. Koma amasiyana pa funso limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa mmene limaonekera: kodi zimene buku lakuchita mumtima n'zoti ugawane ndi anzako, kapena n'zako wekha?

Amene amati tizikambirana amayambira pa mmene mabuku amayendera kuno kwathu. Buku ku Malawi limayenda ndi pakamwa. Masitolo ambiri a mabuku adadzaza ndi mabuku a sukulu ndi a mapemphero, chifukwa ndiwo ali ndi msika. National Library Service idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, koma nthambi zake zili m'mizinda ndi m'maboma, pomwe anthu ambiri a dziko lino amakhala kumidzi. Nthano zazitali zambiri timazipeza pakhonde la sitolo ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kwa anyamata ogulitsa mabuku akale, ndipo palibe chikwangwani chokuuza kuti mwa mulu wonsewo utole liti. Umatola limene wina adakuuzapo kuti, "Iwe, ili lidandilepheretsa kugona." Amene adali ku sekondale m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira mmene timabuku ta Pacesetters tinkayendera pansi pa madesiki mpaka chikuto kuthothoka, komanso mmene Njala Bwana la Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba ankasimbidwira m'mahositelo magetsi atazima. Mabukuwo adafika kwa owerenga ambiri chifukwa wina adalephera kusunga zimene adamva. Choncho amene amangotseka buku n'kukhala chete, atero a mbali iyi, walidula miyendo. Walandira kuchokera kwa wina, koma iye sadapatsire aliyense.

Amawonjezanso kuti kumva nkhani uli wekha ndi khalidwe lobwera ndi sukulu. Nthano idatipeza tili pagulu. Wokamba akayamba, omvera amavomera kuti "Tili tonse," ndipo akasiya kuvomera, wokambayo amadziwa kuti ana agona kapena nthano yazizira. Pothera pake pamakhala kufunsana ndi kutsutsana ngati kalulu adachita bwino kapena adanyanya. Pamene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adatulutsa Nthondo mu 1933, adatenga nkhani kuichotsa pabwalo n'kuiika m'manja mwa munthu mmodzi wokhala pa yekha. Lidali phindu lalikulu, chifukwa nkhani idayamba kufika kumene wolemba sadapondeko. Koma wovomera uja adasowa. Kukambirana buku titaliwerenga ndiko kubwezeretsa wovomerayo.

Mfundo yawo imene imandikoka kwambiri ndi yakuti palibe munthu mmodzi amene amawerenga buku lonse. Maso amadutsa pamasamba onse, inde, koma mtima umangoima pamene moyo wa munthuyo udamupweteka kapena kumusangalatsa. Titenge Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, lomwe lidatuluka mu 1988. Ndi nkhani ya Tambu, mtsikana wa kumudzi m'nthawi ya Rhodesia, amene makolo ake adaona kuti ndalama zochepa za sukulu zipite kwa mlongo wake Nhamo. Tambu adalima kamunda ka chimanga kuti apeze fizi yake. Mwayi wopita ku sukulu ya mishoni udamufikira Nhamo atamwalira, ndipo amene adamutenga ndi bambo ake aakulu, Babamukuru, mphunzitsi wamkulu wophunzira ku England, amene banja lonse linkadalira thumba lake.

Perekani bukuli kwa munthu amene adaphunzitsidwa ndi amalume kapena achimwene a m'tauni, amene adakula akutsuka mbale m'nyumba ya eni ake n'kumathokoza pa chilichonse. Iye adzaona Babamukuru amene chithandizo chake chili ndi chingwe: wakulipirira sukulu, ndiye usamuyankhe, usakane chimene walamula. Adzaima pamene Tambu adakana kupita ku ukwati wa kutchalitchi umene Babamukuru adakonzera makolo ake, n'kulandira chikwapu chifukwa cha kukanako. Tsopano perekani buku lomwelo kwa munthu amene lero ndiye Babamukuru wa kwawo, amene malipiro ake amagawika pakati pa ana ake, ana a malemu mchemwali wake, feteleza wa amayi ndi bokosi la maliro a wachibale. Iyeyu adzaona bambo wotopa amene aliyense amamutambasulira dzanja koma palibe womufunsa ngati wadzuka bwino. Onse awiri awerenga zoona, chifukwa Dangarembga adaikamo zonse ziwiri. Koma aliyense pa yekha watenga theka. Akakhala pansi n'kuuzana, wothandizidwa uja amamva koyamba kulemera kwa katundu amene adamulera, ndipo wothandizayo amamva koyamba mmene mawu ake amagwera m'makutu mwa mwana wodalira. Zimenezi sangauzane maso ndi maso kunyumba kwawo. Amatha kuuzana chifukwa akukamba za Tambu ndi Babamukuru, anthu a m'buku. Apa mpamene a mbali iyi amati kukambirana buku si macheza chabe.

Koma amene amasunga mumtima si anthu odzikonda, ndipo zifukwa zawo n'zolemera.

Choyamba amati chimene umamva ukangotseka buku chimakhala chanthete, chosakhwima, ndipo sichichedwa kufa chikakumana ndi mawu a wina amphamvu. Pagulu lililonse pamakhala munthu amene amayamba kulankhula, ndipo kwathu kuno woyambayo amakhala wamkulu pa msinkhu, pa maphunziro kapena pa udindo. Akanena aphunzitsi opuma, kapena adokotala, kapena abusa, kuti bukuli ndi lofooka, mtsikana wa zaka makumi awiri amene lidamuliza usiku wonse atani? Tidaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Adzangoti, "Zoonadi, bambo, inenso ndinaona choncho," ndipo choopsa n'chakuti pofika kunyumba adzakhala atayamba kukhulupirira kuti misozi yake ija idali ya umbuli. Walowa ndi maganizo ake, watuluka ndi a wina. Amene amakhala chete amati bola kukhala ndi kamaganizo kako kakang'ono kusiyana ndi kubwereka aakulu a eni ake.

Chachiwiri chikukhudza sukulu, ndipo apa ndikugwirizana nawo kwathunthu. Ambiri a ife nthano yaitali yoyamba tidaiwerenga chifukwa cha mayeso a MANEB. Tidaphunzira kufunsa buku mafunso a mayeso: mpangankhani wamkulu ndani, ali ndi makhalidwe otani, nkhani ikuchitikira kuti, tikuphunziramo chiyani. Mafunsowa ali ndi ntchito yake m'kalasi. Vuto n'lakuti anthu akuluakulu akakumana kuti akambe za buku, amabwerera ku Folomu 4 osadziwa. Smouldering Charcoal la Paul Tiyambe Zeleza, lotuluka mu 1992, lidawerengedwa ndi ophunzira ochuluka pokonzekera MSCE. Ndi buku la ukali ndi chisoni: Mchere wogwira ntchito kophika buledi, mkazi wake Nambe, mtolankhani Chola, sitalaka, ndende, ndi boma limene munthu amaopa ngakhale mthunzi wake. Koma funsani amene adalilemba pamayeso kuti bukuli lidawachita chiyani. Ambiri adzakuwerengerani pamtima kuti muli umphawi, katangale ndi kuponderezana, monga zidalembedwera m'manotsi. Ndi ochepa amene adzanene kuti adachita mantha, kapena kuti Mchere adawakumbutsa bambo awo. Ngati kukambirana kwake n'kumeneku, atero okhala chete, kuli bwino buku likhale mumtima momwe likadali lamoyo. Pamalo oterewa pamabadwiranso munthu amene sadawerenge n'komwe, wongotola zonena za anzake n'kumakazinena kwina ngati zake. Akuluakulu adachenjeza kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chifukwa chachitatu ndicho chimandivuta kuyankha. Kunena zimene buku lakuchita ndi kudziulula. Mayi akanena pagulu kuti sadathe kupitiriza kuwerenga pamene Mchere ankazunza Nambe, kuti adatseka buku n'kutuluka panja, anzake ochenjera amva zambiri kuposa zimene wanena. Amva za m'nyumba mwake. Magulu athu a owerenga si a anthu osadziwana. Ndi a kuntchito kumodzi, a mpingo umodzi, a dera limodzi, ndipo nkhani yolankhulidwa Loweruka masana imatha kufika kumsika Lolemba. Masiku ano zafika poipa chifukwa zokambirana zambiri zimachitikira pa WhatsApp, pomwe mawu olembedwa mtima uli m'mwamba amajambulidwa n'kutumizidwa kwa anthu amene sadali nawo.

Kuopa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu 1968 dziko lino lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo bungwe lounikalo lidaletsa mabuku ochuluka. Olemba ena a nthano zazitali, monga David Rubadiri wa No Bride Price ndi Legson Kayira wa Jingala, adakhala kunja kwa dziko zaka zambiri. Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'zaka zimenezo kunena kuti mfumu ya m'buku lakutilakuti yakukumbutsa munthu wina wamoyo kudali kudziitanira tsoka. Makolo athu amene ankawerenga adaphunzira kuwerenga pakamwa pali potseka, ndipo ana awo tidatengera. Referendamu ya 1993 idasintha malamulo, koma chizolowezi choyang'ana uku ndi uku usadanene za kumtima sichichoka ndi voti. Munthu wachikulire akandiuza kuti sakonda kukamba za mabuku amene wawerenga, sindifulumira kumuweruza.

Palinso kadandaulo ka kuululirana mathero, kuti wina wakuuza kale amene afe usadafike pakati. N'kowawadi, koma n'kosavuta kukonza: ofuna kukamba afunse kaye amene sadamalize. Chovutirapo n'chakuti olemba athu ndi ochepa ndipo timawadziwa. Buku la Mmalawi ukalinena kuti lidakutopetsa, mawa ukumana ndi mwini wake pamaliro kapena pamwambo wa Malawi Writers Union. Zotsatira zake, mabuku a kwathu timangowayamikira ndi mawu ozizira, ndipo kutsutsa kwenikweni timasungira a ku Nigeria ndi a ku America amene sadzatimva. Wolemba wa kuno amatsala wopanda womuuza zoona.

Ndaziyeza mbali ziwirizi, ndipo ndaima ndi okambirana, koma osati chifukwa okhala chete alakwa. Pafupifupi zonse zimene akunena n'zoona. Kumene ndikusiyana nawo ndi pa mankhwala. Matenda amene atchula, mawu a wamkulu kumeza a wamng'ono, mayankho a mayeso, mantha, kuyamikira kwa chiphamaso, onsewa ndi matenda a kukambirana koipa, ndipo kukhala chete sikuchiza ngakhale amodzi. Mtsikana uja akakhala chete kunyumba, maganizo ake apulumuka lero, koma sadzaphunzira kuwaimika pamaso pa munthu wotsutsa, ndipo sadzadziwa kuti pagulu lomwelo padali wina amene adaliranso. Wolemba wa kwathu amene timamuopa kumuuza zoona sathandizidwa ndi chete wathu. Amangolemba buku lachiwiri lokhala ndi zofooka za loyamba.

Mbiri yomwe ija ya mantha ili ndi tsamba lina. M'nthawi yomweyo ya kuletsa mabuku, mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayambitsa gulu la olemba, Writers Group, lomwe Mapanje ndi Lupenga Mphande adali ena mwa oyambitsa. Ankakumana sabata ndi sabata, kuwerengerana zolemba zawo n'kumatsutsana pa zimene amva. Zambiri zidali ndakatulo, chifukwa ndakatulo imatha kubisa tanthauzo, ndipo ankadziwa kuti si onse okhala m'chipindamo amene adabwera ndi mtima wabwino. Komabe ankakumana. M'gulu limenelo mudadutsa anthu monga Steve Chimombo, Frank Chipasula, Anthony Nazombe ndi Zeleza yemwe, amene pambuyo pake adadzakhala mizati ya zolembalemba za dziko lino. Ngati anthu adaona kuti kukhala pamodzi n'kumauzana zimene mawu olembedwa awachita n'koyenera pamene mtengo wake ukadatha kukhala Mikuyu, n'kovuta kuti ife a lero tinene kuti tikuopa miseche ya pa WhatsApp basi. Mwambowu sudafe: ku Lilongwe, Shadreck Chikoti, wolemba Azotus the Kingdom, adayambitsa Story Club yosonkhanitsa olemba ndi okonda nkhani, ndipo timagulu tina topanda dzina timakumana m'makomo ndi m'mabwalo a sukulu.

Chimene ndikupempha n'chakuti tisiyanitse zinthu ziwiri zimene timazisokoneza. China ndi kuweruza buku: ndi labwino, ndi lofooka, wolemba adalephera apa. China ndi kuchitira umboni: bukuli lidandichita chakuti, pamalo akuti. Kuweruza kumafuna luso ndi kuwerenga kwambiri, ndipo n'chifukwa chake wophunzira kwambiri amapambana nthawi zonse. Umboni ulibe wamkulu. Pulofesa sangauze mayi wogulitsa mandasi kuti sadanjenjemere pamene Okonkwo adakweza chikwanje pa Ikemefuna, mwana amene ankamutcha bambo, mu Things Fall Apart la Chinua Achebe. Angathe kumufotokozera za Aigbo ndi za mmene bukulo lidasinthira zolembalemba za Afirika kuyambira pamene lidatuluka mu 1958, koma kunjenjemerako ndi kwa mayiyo. Ndipo mayiyo akafunsa chifukwa chimene Okonkwo sadangokana kutengako mbali pa imfa ya mwanayo monga adamulangizira mkulu wina, Ezeudu, wafunsa funso limene buku lonse laimapo. Gulu limene limayamba ndi umboni limapatsa aliyense polowera. Kuweruza kubwere pambuyo, anthu atamva kale kuti buku lomweli lagwira ena pamene iwo silidawagwire. Ngakhale wolemba wa kwathu amene timamuopa uja, kumuuza kuti "pamutu wachitatu mtima wanga udachoka, ndidayamba kudumpha masamba" n'kosavuta kunena ndiponso n'kothandiza kuposa kumuuza kuti buku lake ndi loipa. Iye akudziwa pokakonza.

Kwa okhala chete ndikutengako chinthu chimodzi chimene sindingachisiye: nthawi. Ufa wa m'gaiwa ukangochoka kuchigayo umakhala wotentha, ndipo mayi wodziwa amauyanika kaye asadausunge. Zimene wamva m'buku nazo zimafuna masiku angapo kuti udziwe ngati zili zako zenizeni kapena ndi kutentha kwa tsamba lomaliza. Mabuku ena amakusangalatsa usiku umodzi n'kuiwalika. Ena amakukwiyitsa, koma pakatha sabata umapeza ukuganizabe za munthu wa m'menemo uli pa minibasi. Wothamangira kulankhula amanena za usiku woyamba wokha. Ndi bwino kulemba mizere iwiri itatu m'kope usadamve za wina aliyense, kuti pofika pagulu ukhale ndi pogwira mawu amphamvu akayamba kuomba.

Dongosolo la kulankhula nalo likhoza kutembenuzidwa popanda kunyoza mwambo. Pabwalo la milandu kumudzi, mfumu siyamba kulankhula. Amayamba ndi eni nkhani, kenako ankhoswe ndi nduna, ndipo mfumu imamanga pomaliza itamva onse. Gulu la owerenga lingachite chimodzimodzi: ayambe wamng'ono, kapena amene wabwera koyamba, ndipo aphunzitsi opuma aja alankhule kumapeto. Ulemu wawo suchepa, ndipo mtsikana uja wanena zake asadamve zoti avomereze.

Chotsala ndi mayi amene adatseka buku pa nkhani ya Nambe. Kwa iye ndilibe dongosolo limene lingamutsimikizire kuti mawu ake sadzatuluka m'chipindamo, ndipo sindingamukakamize. Gulu labwino liyenera kulola munthu kunena kuti, "Ine lero ndingomvera," popanda kumufunsa chifukwa. Mwina adzauza mnzake mmodzi yekha pobwerera, ali awiri panjira. Mwina sadzauza aliyense, koma adzamva mayi wina akunena zimene iye adalephera kunena, n'kudziwa kuti bukulo silidalembedwe za nyumba yake yokha. Kuti zimenezi zitheke, pafunika kuti wina pagulupo alankhule, ndiponso kuti enawo adziwe kusunga zimene amva.